Mbawala imene tinaisiya kutsidya kwa khwawa

Uthenga wa Colorado Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo kuno ku Colorado, ku America, unandipeza ndili kuntchito, chakumapeto kwa Meyi. Maere anali atandigwera: laisensi ya mbawala yamphongo, nyengo yachitatu yosaka ndi mfuti, ya mu Novembala, dera lina la kumpoto kwa tauni ya Gunnison. Amene mumakhala kuno mukudziwa kuti pepala limeneli silibwera chifukwa choti walifuna. Chiyambire 1999, malaisensi a mbawala mu Colorado ndi owerengeka. Umalembetsa kumayambiriro kwa Epulo, ukagwa amakupatsa pointi imodzi yokuwonjezera mwayi, n'kudikira chaka china. Ine ndinali nditaunjika mapointi kwa zaka zingapo ndithu.

Ndinaimbira alamu anga nthawi yomweyo. Alamuwa anakwatira achemwali anga aakulu, ndipo kwawo ndi ku Montrose, kuseri kwa mapiri omwewo. Anayamba kutsatira bambo awo kuthengo asanafike poti n'kunyamula mfuti. Ndinawayalira zonse zimene zinali m'mutu mwanga, za mfuti, za zipolopolo, za jekete limene ndinaliona m'sitolo ina. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako anati, "Mwachita mwayi alamu, ndakondwa nanu. Nanga galimoto izikagona pati?"

Funso limenelo ndinakalimvetsa bwino mu Novembala, nditagona chafufumimba pamwala wozizira, mbawala ili pamaso panga.

## Chimene anthu amafunira Novembala

Mbawala za kumeneko, zija za makutu akuluakulu amazitcha mule deer, nyengo yotentha zimakhala pamwamba penipeni kumene mitengo imathera. Zamphongo zikuluzikulu zimakhala pazokha, zochenjera kwabasi, masana osaoneka. Chipale chofewa chikayamba kukwirira msipu wa kumtundako zimatsika pang'onopang'ono, kudutsa m'nkhalango za aspen, mpaka kufika m'zitunda za zitsamba za sagebrush. Ndiye chapakati pa Novembala zimayamba kukwerana. Mphongo imene mu Okutobala inkangotuluka usiku, tsopano imayenda poyera dzuwa likuswa mtengo, khosi litatupa, mphuno ili pansi, kulondola zazikazi. Ukapeza kagulu ka zazikazi, khala pomwepo, mwini wake sali patali.

N'chifukwa chake laisensi ya nyengo imeneyi anthu amailimbirana. Koma imabwera ndi zake. Tauni ya Gunnison payokha ili pamtunda wa mamita oposa 2,300, ndipo mu America monse imatchuka ndi kuzizira. Kuti ukafikeko kuchokera ku Denver umakwera Monarch Pass, mamita 3,448, ndiye kuti msewu wa phulawo uli pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa. Usiku wa mu Novembala kuzizira kumatha kufika madigiri 15 kapena 20 pansi pa ziro. Dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, ndipo likangobisala kuseri kwa phiri mphepo imasintha nthawi yomweyo, umaimva m'mano. Chipale chomwecho chimene chikukutsitsira mbawala ndi chimenenso chikukutsekera msewu kumbuyo kwako.

## Tinayambira pa msewu

Mu Ogasiti tinakhala pa tebulo la kukhitchini kwawo, mapu ali mbwee. Achemwali anatiikira tiyi n'kutisiya. Mapu amene alamu anayamba kutambasula sanali okongola konse: pepala loyera la mizere yakuda, limene a Forest Service, nthambi ya boma yoona za nkhalango, amapereka ulere, lotchedwa Motor Vehicle Use Map. Koma pepala limenelo ndiye lamulo. Msewu umene palibe pamenepo suloledwa kuuyenda pagalimoto ngakhale uoneke wopondeka bwanji, ndipo misewu ina amailembera masiku amene geti lake limatsekedwa.

Ine ndinaloza pamwamba, pamalo ena athyathyathya kumene msewu wa m'nkhalango umathera, poti ukangotuluka mu tenti uli kale pakati pa mbawala. Alamu sanakane. Anangoika chala pansi pa phiri n'kumachiyendetsa mumsewumo pang'onopang'ono, mpaka pamene msewu umakhota n'kulowa mbali ya phiri yoyang'ana kumpoto. "Apa dzuwa la Novembala silifikapo," anatero. "Chipale chikagwa pano chagwa, mpaka chaka chamawa." Kuno dzuwa limapendekera kummwera, choncho mbali ya kumpoto imakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse. Chala chinapitirira n'kuimanso. Pamenepo dothi lake ndi makande. M'mawa limakhala louma gwa ndi chisanu, galimoto imadutsa bwinobwino. Masana likasungunuka limamata matayala mpaka mano ake osaonekanso, galimoto n'kumatsetsereka chammbali kulowera kuphompho.

Misewu ya m'nkhalango palibe amene amabwera kudzachotsamo chipale. Choncho msasa tinauika m'munsi, pamalo a boma, pafupi ndi msewu wa county, boma la m'deralo, umene mathirakitala amaupala. Pamalo ngati amenewo sulipira kanthu, bola usapitirire masiku 14. Mtengo wake unali wakuti m'mawa uliwonse tizikwera wapansi mumdima kwa ola lathunthu tisanafike poonera nyama. Ndinadandaula nazo, koma ndinavomera.

M'galimoto munalowa matcheni a matayala onse anayi, fosholo, chingwe chokokera, macheka odulira mtengo ukagwera mumsewu, ndi chakudya choposa masiku amene tinkayembekeza kukhalako. Matcheniwo alamu anandiuza ndiwamange pakhomo pawo pomwepo nditavala magolovesi, kumasula, kumanganso, mpaka manja atazolowera okha. Ndipo titafika kumsasa, chinthu choyamba tisanatsitse ngakhale thumba limodzi chinali kutembenuza galimoto kuti iyang'ane kumene tachokera.

## Malire osaoneka ndi maso

Mapu ena anali a pafoni, a onX, amene amakuonetsa mwini wa malo alionse ndi pamene iwe waima. Tinawasunga m'foni tisanachoke, chifukwa kumeneko netiweki kulibe. Ukawayang'ana umaona chinthu chimodzi msanga: zitunda zouma ndi mapiri ndi za boma, za Forest Service kapena za Bureau of Land Management, koma m'zigwa monse mmene mukuyenda madzi ndi mwa anthu. Zinayamba kalekale. Mtundu wa Ute, eni nthaka oyamba, utachotsedwa m'dera limeneli n'kupititsidwa ku Utah mu 1881, obwera anatenga malo motsatira mitsinje, poti ndi pamene udzu wa ng'ombe ungamere. Lero mafamu ali mommo, ndipo mbawala zikatsika mu Novembala zimatsikira kumeneko. Ndiye kuti wosaka mochedwa amakhalira kuyenda m'mphepete mwa malo a eni ake.

Chimene chimavuta n'chakuti mu Colorado mwini malo sakakamizidwa kumanga mpanda kapena kukhoma chikwangwani. Kudziwa pamene waima ndi udindo wako. Mpanda wa waya umene ukuuona ukhoza kukhala wongogawa msipu wa ng'ombe pakati pa malo a boma, pomwe malire enieni ali pena pake popanda chizindikiro chilichonse. Ngakhale nyama imene waivulaza ili kumalo a boma, ikathawira kwa munthu sungailondole popanda chilolezo chake. Palinso timalo tina ta State Trust Land, timene dzina lake limamveka ngati n'ta aliyense, koma umangosakamo ngati tili pa mndandanda wa malo amene a Parks and Wildlife anawatsegulira anthu.

Kwathu ku Ntcheu njira imadutsa pakati pa munda wa munthu, umangopereka moni kwa amene akulima n'kumapitirira, ndipo palibe amakufunsa kanthu. Miyendo yanga inakula ndi lamulo limenelo. Kuno ndimachita kuikumbutsa tsiku ndi tsiku.

## Moyo wa mu tenti

Tenti ya alamu ndi ya chinsalu chokhuthala, ya makoma oimirira, yoti munthu amaimamo chilili, ndipo pakona pali mbaula yachitsulo ya nkhuni, paipi yake yotulukira padenga. Tinaikhoma poyera, kutali ndi mitengo ya spruce youma imene yadzaza m'mapiri amenewo chifukwa cha tizilombo tofukula makungwa. Mtengo wouma chiimire sudikira mphepo yaikulu kuti ugwe.

Mbaula imeneyo imanyenga. Madzulo mumakhala mofunda mpaka kuvula jekete, koma mukangogona moto umazima, ndipo pofika pakati pa usiku mkati ndi kunja n'chimodzimodzi. Chimene chimakusunga ndi sleeping bag yopangidwira kuzizira kotero, ndiponso kwambiri chimene wayala pansi pako. Nthaka yozizira imakuyamwa kutentha kuposa mpweya. Ine ndinasanjikiza timatiresi tiwiri, kathovu pansi, kopopa pamwamba. Mawindo a tenti tinkasiya pang'ono potsegula, chifukwa utsi wosaoneka uja wa carbon monoxide umapha anthu ali m'tulo, ndipo alamu amapachika kachipangizo kolira kakamva mpweyawo.

Mu sleeping bag simulowa munthu yekha. Mumalowa foni, mabatire a tochi, masokosi a mawa, botolo la madzi, ndi sefa ya madzi ngati wabwera nayo, pakuti madzi akaundana mkati mwake timachubu take timasweka osaonekera kunja, iwe n'kumamwa madzi osasefeka. Chigubu chachikulu tinkachiimika chadodolido kuti madzi aundane kumene kulibe pakamwa. Gasi wa m'tizitini ting'onoting'ono uja amafooka kukazizira chifukwa butane sasanduka mpweya bwino pansi pa ziro, ndiye tinkaphikira propane.

M'mawa ndinkadzidzimuka ndi phokoso la chitseko cha mbaula. Alamu amagona pafupi nayo dala, ndipo tinkhuni toyatsira amatikonzeratu usiku. Amangotulutsa mkono umodzi mu sleeping bag, kuponyamo, kukhwatchitsa machesi, n'kubweza mkono. Tonse awiri tinkakhala chigonere kumvetsera chitsulo chikulira tepetepe pamene chikutentha, chisanu cha padenga chikusungunuka n'kumatidonthera kumaso. Jombo zinkakhala zitauma ngati thabwa, mpaka uziyandikize kumoto kaye kuti phazi lilowe.

Pa zovala, mdani wamkulu ndi thukuta. Ukakwera phiri utavala zonse umafika pamwamba uli chinyowere, ndipo ukakhala pansi kuti uyambe kuyang'ana nyama, pakangotha mphindi zochepa mano ayamba kugundana. Ndiye timanyamuka pamsasa tikumva kuzizira, titavala zochepa, jekete lokhuthala lili m'chikwama, n'kukalivala pofika. Pakhungu ubweya wa nkhosa, osati thonje, poti thonje likanyowa limasunga madzi. Pamwamba pa zonsezo pamabwera chovala cha olenji wowala kapena pinki, chimene lamulo limati chikwane masikweya inchi 500 kumtunda kwa chiuno, kuphatikizapo chipewa chooneka mbali zonse. Ukasintha jekete, olenjiyo abwerenso pamwamba.

## Madzulo aja

Tsiku limenelo achemwali anatumiza uthenga pa kachipangizo ka alamu ka setilaiti, ka Garmin inReach, kamene timalumikizirana nako kopanda netiweki. Anati a zanyengo akuchenjeza za chipale chambiri kuyambira pakati pa usiku. Kumwamba kunali kusanasinthe kwenikweni, kupatula timitambo topyapyala kumadzulo ndi mphepo imene inali itatembenuka.

Tinali titakhala pamsana wa phiri kuyambira m'mawa, zoonera patali zili pa miyendo yake itatu, tikusanthula chitunda cha kutsidya chigamba ndi chigamba. Kusaka kwa kumeneko kwambiri n'kukhala pansi. Umayang'ana tchire limodzimodzi mpaka maso kuwawa, kufuna khutu, mwendo, kapena kachigamba koyera ka kumatako. Itangokwana 3 koloko alamu anandikodola. Zazikazi zinali zitadzuka pakati pa sagebrush, pamalo amene ndinali nditawayang'ana kambirimbiri osaona kanthu. Zinayamba kudya. Posakhalitsa m'mitengo ya aspen munatuluka mphongo.

Sindinaonepo ina yotero ndi maso anga. Nyanga za nthambi zinayi mbali iliyonse, zotambalala kupitirira makutu, zakuda kumunsi. Nkhope yotuwa ya ukalamba, khosi lonenepa mpaka mutu kuoneka waung'ono. Inkayenda mosafulumira, kununkhiza pamene yaikazi yachoka, kukweza mutu, kupinda mlomo wam'mwamba, mpweya wake ukufuka m'kuzizirako.

Tinatsika chokwawa kuseri kwa miyala mpaka pa thanthwe lina loyang'ana khwawa. Kachipangizo koyezera mtunda kanati mamita 250. Mtunda umenewo ndinali nditauyeserera chilimwe chonse. Ndinayala chikwama, kugoneka mfuti pamwamba pake, kulowetsa chipolopolo. Ndinayang'ana pafoni: mbawala ili pamalo a boma, ife tili pamalo a boma. Nthawi yololedwa inalipo yambiri, poti lamulo limalola mpaka theka la ola dzuwa litalowa. Laisensi ili m'thumba. Mtanda wa m'galasi la mfuti unakhazikika kuseri kwa phewa lake, osagwedera.

Ndinamva dzanja paphewa panga. "Alamu," ananong'ona, "chala chisanayende, tiwerengere limodzi."

Ndipo anawerenga, motsitsa mawu, maso ali pa mbawala. Ikagwa pamtsetse wotero siikhala pomwepo, igubuduka mpaka m'khwawa. Kuti ife titsike mbali yathu, kuwoloka kamtsinje ka miyala yokutidwa ndi madzi oundana, n'kuipeza, ola latha, mdima wagwa. Kusenda ndi kudula ndi tochi ya pamutu, zala zitachita dzanzi, maola ena awiri. Tikatero tili pansi pa khwawa usiku ndi nyama yonse.

"Njira yophweka ndi iyo," anatero, akuloza kumunsi ndi chibwano. Khwawalo linkatsika bwinobwino mpaka kukakumana ndi msewu wa county, mtunda wosakwana kilomita imodzi ndi theka. Koma pakati pake panali famu. Pafoni mzere wa malire unkadula khwawalo mamita ochepa chabe kumunsi kwa mbawala ija.

Ndinakumbuka mlandu wa ku Wyoming umene alamu omwewo anandifotokozerapo, wa alenje anayi a ku Missouri amene anagwiritsa ntchito makwerero kudumpha pa ngodya pamene malo awiri a boma amakhudzana pakati pa malo a munthu, ku Elk Mountain. Mu Malichi 2025 khoti la apilo la ku Denver linagamula kuti sanalakwe, ndipo chigamulocho chimagwiranso ntchito mu Colorado. Ndinanong'ona zimenezo. Alamu anapukusa mutu. "Ija inali ngodya, phazi silinaponde dothi la munthu. Apa n'kudutsa pakati pa munda wake."

"Nanga tikakapempha?"

"Nambala yake muli nayo? Nyumba yake mukuidziwa? Nthawi ino amakhalako?"

Ndinalibe yankho. Chotsala chinali kubwerera mmene tadzera: kukwera khwawa lonselo ndi katundu kumsana, kuyenda msana wa phiri, kutsikira kumsasa. Ulendo umodzi sitikanamaliza. Nyama ina tikanaipachika mumtengo kuti tidzaitenge mawa, ndipo mawa lakelo ndi limene achemwali anatichenjeza. Chipale chikafika m'chiuno pamtsetse umenewo, nyamayo yatsala komweko. Malamulo a Colorado amaletsa kusiya nyama yodyedwa kuthengo: miyendo yonse inayi, nyama ya m'mbali mwa msana ndi yofewa ya mkati ziyenera kutuluka. Komanso, anawonjezera, chipolopolo chikapanda kukhala bwino, nyama yovulala imathawira kumunsi, ndipo kumunsiko ndi kwa eni ake.

"Laisensi ndi yanu, mfuti ndi yanu," anatero pomaliza. "Mukawombera ndisenza nanu mpaka titamaliza. Ndangofuna muone ulendo wonse."

Anachotsa dzanja.

Ndinakhala diso lili m'galasimo nthawi yaitali. Mbawala inatembenuka n'kuima chopingasa, poyera, ngati kuti yachita dala. Ndinkaona nthiti zikukwera ndi kutsika. Ndinkaganiza za mapointi aja, amene onse anathera pa laisensi imeneyi, ndi zaka zimene zidzapite ndisanaipezenso. Ndinaganizanso za anthu amene amabwera kudzapulumutsa otayika m'mapiri a Colorado, amene ndi ongodzipereka, anthu a ntchito zawo ndi ana awo, amene sheriff, mkulu wa apolisi a m'deralo, amawadzutsa usiku wina akathyoka mwendo m'khwawa ngati limeneli.

Ndinakoka chitsulo cha mfuti pang'onopang'ono kuti chisalire, chipolopolo n'kugwera m'dzanja langa. Chinali chozizira moti ndinachimva kupyola golovesi. Ndinachiika m'thumba.

Tinakhala pomwepo kuionerera mpaka inalondola yaikazi ina kulowa m'mitengo. Pobwerera sitinalankhulane. Mtima unali ukundiwawa, ndipo sindibisa, mbali ina unkawawira alamu.

## Chipale chinagwa chochepa

Ndikanakonda kukuuzani kuti usiku umenewo kunagwa chipale choopsa, kuti nkhaniyi ikhale yosavuta. Ayi. Chinagwa chongofika m'mawondo a nkhuku, m'mawa kunja kuli mbee. Tikumwa khofi ndinawauza alamu kuti tikanatha. Anavomera osazengereza. "Inde, tikanatha. Koma dzulo sitinkadziwa za lero."

Tinakwera kupita pa thanthwe lomwe lija. Chitunda chinali chopanda kanthu, mapazi okhaokha olowera kumunsi. Nditatembenuza zoonera patali ndinaipeza mphongo yaikulu ija. Inali itaima m'dambo la pafamu paja, pafupi ndi mulu wa udzu wa ng'ombe, zazikazi zitaizungulira. Sinabwererenso kumtunda nyengo yonseyo.

## Kulemera kwa nyama

Nyengo itatsala pang'ono kutha ndinapha ina, yaing'ono, ya nthambi ziwiri mbali iliyonse, pachitunda cha pamwamba pa msasa wathu. Kuchokera pamene inagwera mpaka pa tenti unali mtsetse wokhawokha, malo onse a boma. Ndinasaina kapepala ka pa laisensi, kulemba tsiku, n'kukamangirira. Sitinaitumbule. Tinaisenda mbali imodzi, kuchotsa mwendo wathako ndi mwendo wamwamba, kutsata msana ndi mpeni, kenako kuitembenuza. Pa mwendo umodzi tinasiya chizindikiro chosonyeza kuti inali yamphongo, monga lamulo lifunira. Chiwalo chilichonse chinkalowa m'thumba lake la nsalu yopyapyala n'kugonekedwa pa chipale. Kuzizira kumene kunkatizunza masiku onsewo, apa kunatithandiza: ntchentche kunalibe, nyama inazizira msanga.

Manja ankafunda ukagwira nyama, ukangoisiya magazi ankaundana m'zala. Mpeni ndinkachita kuuyang'ana kuti ndidziwe ngati ndaugwira bwino.

Kenako kusenza. Mwendo wathako wa mbawala yaing'ono ukaunyamula m'manja suopsa. Uike m'chikwama pamodzi ndi wina, uwonjezere mfuti, zoonera patali, jekete ndi madzi, uimirire pamtunda wa mamita pafupifupi 2,700 pomwe mpweya ndi wochepa, pansi pali chipale chobisa miyala. Phazi lililonse umayamba walifunsa. Pofika pamalo osatsetsereka kwambiri tinasamutsira katundu pa chokokera chapulasitiki, komabe tinalowa mumsasa nyenyezi zitatuluka, mawondo akunjenjemera. Imeneyo inali mbawala yaing'ono, njira yaifupi, yotsika yokhayokha, kunja kuli bwino. Masamu amene alamu anandiwerengera pathanthwe paja, usiku umenewo msana wanga unawawerenganso wokha, ndipo mkwiyo uja unathera pomwepo.

Pobwerera tinadzera ku ofesi ya Parks and Wildlife ku Gunnison kukasiya mutu kuti auyeze chronic wasting disease, nthenda ya ubongo wa mbawala imene inayamba kudziwika mu 1967 pa malo ofufuzira nyama ku Fort Collins. M'madera ena kuyezetsa n'kokakamiza, m'madera ena umasankha wekha. Nyama inadikira mufiriza mpaka zotsatira zitabwera zabwino, ndipo pa Khirisimasi abale a ku Aurora, pafupi ndi Denver, anaidyera nsima.

## Kugogoda pakhomo

Chimene chinasintha n'chakuti mapu ndimawawerenga chobwerera. Ndimayamba pa msewu umene amaupala, kupita pamene galimoto igone, kupita pamene tenti ikhale, ndipo kuchokera pamenepo ndimajambula malo amene ndingatulutsemo nyama ndi msana wanga usiku umodzi. Chitunda chimene chili kunja kwa mzere umenewo ndi choonerera basi, ngakhale pataima mbawala yotani. Zogula zatsopano zimabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo nthawi zambiri zimapezeka kuti n'zochepa.

Khwawa lija lokha silinandichoke. Dzina la mwini famu linali pa mapu a pafoni, ndipo mu Julaye, nthawi yodula udzu, alamu ndi ine tinapita kukamuona. Alamu anati tipite nthawi imeneyo dala, osati mu Novembala pamene aliyense wovala olenji akugogoda pakhomo pake. Mfuti tinasiya kunyumba. Tinawapeza bambo achikulire ali pansi pa thirakitala, akulimbana ndi lamba. Tinadikira mpaka atatuluka, tinathandiza kugwira chitsulo china, kenako ndinafotokoza chimene tadzera. Ndinati sitikupempha kusaka pamalo awo. Tikupempha njira yokha, ya wapansi, yotulutsira nyama ngati tapha kumtunda kwa malire awo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati ndife amene tinamanga tenti yoyera kumunsi kwa msewu chaka chathachi. Ndinavomera. Anati anationa pathanthwe paja madzulo amenewo, ndipo ankayembekezera kumva mfuti. Anatiuza za mageti amene alenje amawasiya chitsegukire, ng'ombe n'kukapezeka pamsewu, ndi za matumbo a nyama amene anawapezapo m'ngalande yothirira udzu.

Anavomera, koma ndi mfundo zawo. Tiziyamba taimba foni kapena kutumiza uthenga tisanaponde, ngakhale pakati pa usiku. Galimoto isalowe. Mfuti ikhale yopanda chipolopolo. Geti lililonse tilisiye mmene talipezera. Chilolezocho n'cha ife awiri, osati anzathu, ndipo n'cha nyengo imodzi, ikatha tidzapemphenso. Alamu anatulutsa kabuku m'thumba la malaya n'kulemba zonsezo, bambowo anasaina pansi pake atatsamiritsa pa tayala la thirakitala, n'kuwonjezera nambala yawo ya foni.

Mapointi anga anayambiranso pa ziro, choncho dera limenelo sindiliona msanga. Alamu ndi amene ali ndi okwanira, ndipo mu Epulo akalembetsa dera lomwelo. Maere akawagwera, mu Julaye tidzapitanso kwa bambo aja kukapempha pepala latsopano, ndipo ine ndidzapita nawo mu Novembala ngati wosenza.